Pusi wa m'ndege ya pakompyuta

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ankanena za mkulu uja wa mumtengo wa zipatso: dzanja lamanja latola ichi, lamanzere latola icho, mwendo nawo watambasukira china, mpaka chogwirira nthambi palibe. Masiku ano pusi anatsika mumtengo. Anagula mpando wozungulira, wavala mahedifoni, ndipo akuulutsa Boeing 747 kuchoka ku Johannesburg kupita ku London ali kuchipinda, kabudula yekha m'chiuno.

Masewera oyeserera kuyendetsa ndege si adzulo. Microsoft Flight Simulator inatuluka mu 1982, pa makompyuta a IBM okhala ndi kasipika kamodzi kongodziwa kuti pii. Wofuna mkokomo weniweni wa injini ankadzithandiza ndi milomo yake. Koma mtundu wa 2020, womwe anapanga a Asobo Studio a ku Bordeaux m'dziko la France, unabwera ndi dziko lonse lapansi pamodzi ndi maphokoso ake: mphepo, mvula pagalasi, matayala akugunda phula, ngakhale kabatani kakang'ono kamati khethe ukakadina. Maphokosowa amawayendetsa ndi pulogalamu yotchedwa Wwise, pamene a X-Plane amagwiritsa ntchito FMOD.

Munthu wamtima wokhutira akanathokoza n'kukhala chete. Pusi wathu ayi. Wamva kuti kukugulitsidwa phokoso la injini lojambulidwa pa ndege yeniyeni: chakoma. Mawu a mayi wolengeza kuti timange malamba: chakoma. Apaulendo owomba m'manja ndege ikatera bwino: chakomanso, pakuti kunyumba palibe amamuwombera m'manja. Atapeza la khanda lolira kumpando wakumbuyo, nalonso angaligule. Kenako walowa pa VATSIM, gulu lomwe linayamba mu 2001, kumene anthu enieni amasewera ngati olondolera ndege. Watsegula Discord kuti azicheza ndi anzake. Nyimbo zikulira pa YouTube. Pamwamba pa zonsezi wayatsa Dolby Atmos kuti phokoso lizimuzinga mbali zonse. Ulendo wa usiku wonse wayenda bwino, bwalo la Heathrow likuoneka poteropo, ndiye chithunzi chaima nji. Chikamayambanso kuyenda, ndege ili m'udzu, miyendo m'mwamba. Apaulendo aja sanawombe m'manja.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa kompyuta yake? Kuti ndege ioneke ikuyenda mosadodoma, kompyuta imajambula zithunzi zambiri motsatizana. Ikamajambula 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimapatsidwa nthawi yosakwana mamilisekondi 17. M'kanthawi kameneko purosesa iyenera kuwerengera mphepo pamapiko, mitambo, mafuta, zida za m'chipinda cha woyendetsa ndi ndege zina zonse zili mumlengalengamo. Kale makhadi a phokoso monga Sound Blaster ankaithandiza purosesa posenza katundu wa maphokoso. Windows Vista itafika mu 2007 inatseka njira yomwe masewera ambiri ankadzera popempha thandizolo, ndipo ntchito yosakaniza maphokoso inagwera purosesa.

Tsono phokoso ndi mlendo wosadikira. Diso limakhululuka chithunzi chimodzi chikasowa, koma khutu limamva kuthetheka kulikonse. N'chifukwa chake Windows imalola phokoso kudumpha mzere. Phokoso limodzi ndi katundu wopepuka kwa purosesa yamakono, zimenezo tisanamizane. Vuto limabwera pamene maphokoso achuluka, mapulogalamu asanu akulimbirana maikolofoni imodzi, kapena driver ya phokoso yolembedwa mwaulesi yagwira purosesa malaya nthawi yaitali. Zikatero chithunzi chimachita chibwibwi.

Pusi akagwa saloza manja ake, amaloza nthambi. Wathuyu amathamangira kusitolo kukagula khadi latsopano la zithunzi, ndalama ya lendi n'kupsa, akabwerako chibwibwi chili pomwepo. Chonsecho mlandu uwu ndi wosavuta kuzenga. Zimitsani chipangizo cha phokoso mu Windows, tsekani mapulogalamu onse olankhula, muuluke ulendo womwewo pa bwalo lomwelo ndi nyengo yomweyo, muone ngati zasintha. Mu Flight Simulator X ya 2006 zinali zongodina batani la Q, phokoso lonse zii. Palinso kapulogalamu kotchedwa LatencyMon komwe kamatchula dzina la driver yochedwetsa zinthu. Ngati mwazimitsa zonse koma ndege ikudodomabe, phokoso lilibe mlandu, limasuleni mukafufuze kwina.

Likapezeka lolakwa, mankhwala ake safuna khobidi. Pa zosintha za phokoso mu Windows pali manambala, ndipo pusi amasankha lalikulu kwambiri, 192,000, poganiza kuti chachikulu ndiye chokoma. Khutu la munthu limalekezera cha pa 20,000, ndipo achikulirefe sitifikakonso. Nyimbo za pa CD zimajambulidwa pa 44,100 ndipo anthu avina nazo maukwati kwa zaka zambiri osadandaula. Ikani 48,000 basi. Zimitsani zokometsera mawu zija Windows imawonjezera. Zipangizo zomwe simuzigwiritsa ntchito, monga masipika a m'sikirini yolumikizidwa ndi HDMI, zipumitseni. Mahedifoni a Bluetooth ambiri amati mukatsegula maikolofoni amasintha n'kuyamba kumveka ngati foni, ndiye a chingwe amaposa. Ikani driver yatsopano kuchokera kwa opanga kompyuta yanu. Tsekani YouTube. Inde, nyimbo ija mumaikonda. Tsekani.

Chondiseketsa kwambiri ndi ichi. Woyendetsa ndege yeniyeni amawononga ndalama zambiri kugula mahedifoni a Bose kapena David Clark kuti asamve phokoso la injini. Wa kuchipinda amawononga ndalama kuti alimve mokweza. Wina akuthawa chomwe mnzake akugula. Komanso mu 1981 bungwe la FAA la ku America linaika lamulo loletsa macheza opanda pake m'chipinda cha oyendetsa ndege zonyamula anthu pa nthawi yonyamuka, yotera, ndi pouluka pansi pa mafiti 10,000. Anthu ophunzira ntchito, onyamula miyoyo ya anthu mazana, amauzidwa kuti atseke pakamwa poyandikira bwalo. Koma kaputeni wathu wa kabudula amatera akukangana za mpira pa Discord, gitala ikulira, mtedza uli m'kamwa, kenako n'kumati kompyutayi ndi yachabechabe.

Musandimve molakwa n'kuzimitsa zonse mpaka kalekale. Pusi wokana chipatso chilichonse amafa ndi njala ali mumtengo wobala. Pali maphokoso omwe ndi gawo la ntchito: belu lochenjeza kuti ndege yachepa liwiro ndipo mapiko aleka kuinyamula, mawu ochenjeza kuti nthaka yayandikira, kulira kwa injini komwe kumakuuzani mphamvu yake musanayang'ane pa mita, ndi mawu a wolondolera ndege. Amenewa asungeni. Mwambi uja suletsa kudya, umaletsa kutola ndi manja onse awiri.

Choncho anzanga oyendetsa ndege za kuchipinda, musanakagule chipangizo china, werengani kaye mapulogalamu omwe akulankhula m'makutu mwanu. Sungani injini, machenjezo ndi mawu a wolondolera ndege. Zotsalazo muziyatse mukatera.