Tsiku limene mbuzi idamwa mafuta a ndiwo

Pakhomo pano amanditcha "alangizi", ndipo si ulemu ayi. Dzinali lidabwera ndi alamu anga, amene pochokera ku Joni adandipatsa kapaketi ka mbewu ya alfalfa. Adati ku Oudtshoorn amadyetsera nthiwatiwa. Nditangomva zimenezo mutu udakula: chimbalame chonsecho chikunenepa naye, nanga mbuzi zathuzi?

Ndidawerenga, ndipo zowerengazo ndinkazilalikira pa nsima. Ndinkati alfalfa ndi mbale wake wa nandolo ndi nyemba, m'mizu mwake muli timaphundu mokhala tizilombo tokoka nayitrojeni wa mumpweya. Ndinkati muzu wake umalowa pansi mamita angapo, n'chifukwa chake saopa chilimwe, ndipo ukamumweta amaphukanso, zaka n'kumapita osabzala wina. Ana ankangoti "eya adadi" uku akutha ndiwo.

Pofesa ndiye ndidaonetsa ukatswiri. Muzu wautali chonchi umadana ndi madzi odikha, koma ine ndidasankha kudimba, pakati pa dambo penipeni. Njere zake n'zazing'ono ngati za mpiru, zofuna kadothi kochepa pamwamba, ine n'kuzikwirira mozama mmene ndimabzalira chimanga. Kudamera udzu wokhawokha.

Zotsala m'paketi amayi a kunyumba adafesa okha kuseri kwa khola, pamtunda, atawazapo phulusa poti mbewuyi sifuna dothi la asidi. Zidamera bwino, masamba atatuatatu, kenako timaluwa tapepo. Ndidaitana anansi kudzaona "ntchito yanga", amayiwo ali chete, akusenda mbatata.

M'mawa wina, mame asanakamuke, ndidamasula thadzi lathu kuti likadzidyere lokha. Dzuwa lisanafike pamutu, mimba kumanzereku inali itatupa, mbuzi ikupuma mobanika. Alfalfa wanthete, wamuwisi, amachita thovu m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe, mpweya n'kulephera kutuluka. Odziwa amayamba amumweta, afote kaye, kapena chiweto chidye udzu wouma poyamba. Zimenezi zidalembedwa patsamba lomwelo la mizu ija, koma m'munsi, ndipo ine ndidaimira pomwe padandikomera.

"Alangizi, gwirani nyanga," adatero amayi a kunyumba, botolo la mafuta ophikira lili m'manja. Adaimwetsa pang'onopang'ono, n'kuiyendetsa pabwalo mpaka idageya.

Sabata imeneyo tidadya nkhwani wowiritsa. Mwana wotsiriza adafunsa ngati nandolo ndi nyemba ali ndi abale enanso oti tiziwaopa.