Buku la ndalama za pakhomo: usiku umene tinakaonetsa apongozi magetsi a London

Tsamba ili ndi la Loweruka lina mu Novembala 2023. Wolemba ndi mkamwini wa pakhomo pano ku Luton. Apongozi anabwera kuchokera ku Mchinji kudzathandiza mwana wawo pa chikuta, ndipo banja linagwirizana kuti asabwerere asanaone mzinda usiku. Lamulo la tsikulo linali limodzi: mtengo wa chinthu usatchulidwe apongozi akumva. Masiku omwewo kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti, paundi imodzi itadutsa K2,000, ndipo iwo masamu a kuchulukitsa amawadziwa bwino.

ZIMENE ZINATULUKA TISANATULUKE M'NYUMBA

Takisi yakuda, yathu yokha, dalaivala wake n'kukhalanso wotifotokozera malo, maola atatu: £270.00. Mabasi oonetsa alendo alipo ndipo ndi otchipa kwambiri, koma apongozi sangakwere masitepe n'kukakhala padenga lopanda chotchinga mu Novembala. Mayi a Tadala anati mayi awo sanabwere kuno kudzafa ndi chibayo. Mfundoyi sinatsutsidwe.

Shifiti ya usiku imene ndinaipereka kwa mnzanga, maola 11 pa £10.42: £114.62. Ndalamayi sinatuluke m'thumba, inangolephera kulowa. Mayi a Tadala akuti zoterezi sizilembedwa. Ndalemba.

Jekete la apongozi, ku kaunjika wa kuno: £14.00. Magolovesi: £3.00. Chipewa cha ubweya: £0.00, chifukwa anachikana, ati duku lilipo.

Wotsala ndi khanda, mayi wa kumpingo: £0.00, koma anapita ndi theka la usipa umene unabwera m'sutikesi. Usipa umenewo kuno ulibe mtengo wolembeka.

Sitima ya ku St Pancras ndi kubwerera, akulu atatu ndi mwana mmodzi: £48.60.

Gawo ili lonse: £450.22. Apa n'kuti tisanaone babu ngakhale limodzi.

MAGETSI ENIENIWO

Mdima: £0.00. Mu Novembala dzuwa la London limalowa itangodutsa 4 koloko. Amene amagula ulendo woterewu mu Juni amayenda ola loyamba kukuwala, chifukwa nthawi imeneyo dzuwa limafika mpaka cha m'ma 9 koloko.

Mpando wanga: unali kale m'mtengo wa takisi. Takisi zimenezi zili ndi mpando wautali kumbuyo, woyang'ana kutsogolo, ndi timipando topinda toyang'ana kumbuyo. Pa wautaliwo panakhala apongozi, mayi a Tadala ndi Tadala. Mlamu wanga, amene anatulukira pa siteshoni osaitanidwa, anathamangira kampando koyang'anizana ndi mlongo wake. Kanatsala koyang'anizana ndi apongozi, bondo ndi bondo. Munthu wakulira kwathu akudziwa kuti mkamwini sapenya apongozi ake m'maso. Maola atatu amenewo ndinaona kwambiri nsapato zanga ndi kapeti wa galimotoyo, yemwe anali waukhondo. Zimene zalembedwa m'munsimu ndinaziona pamene tatsika, kapena zitadutsa kale, pa galasi la kumbuyo.

Piccadilly Circus: £0.00. Chikwangwani chimodzi chowala, masikweya mita 783, chimene chinalowa m'malo mwa zikwangwani zakale mu 2017. Amalipira ndi a makampani otsatsa malonda. Apongozi anafunsa kudzera mwa mdzukulu wawo: "Tadala, tawafunsa bambo ako, mpira umaonetsedwa pamenepa?" Suonetsedwa.

Nyali za gasi za m'mbali mwa St James's Park: £0.00. Msewu wa Pall Mall unayamba kuwalitsidwa ndi gasi mu 1807, ndipo mpaka pano mu mzindawu muli nyali zotere zoposa 1,000. Zimawala mofooka, mwachikasu. Dalaivala anaimika galimoto kuti tizisirire. Apongozi anati ngati vuto ndi galasi, phulusa limayeretsa.

Buckingham Palace: £0.00. Nyumba yowala kunja, mawindo ambiri amdima. Sitinalonjeredwe.

Trafalgar Square: £0.00, koma apa panapita mphindi 35 za maola athu atatu, zomwe pa mtengo wa takisi ndi £52.50. Sindinaziwonkhetse kawiri. Pa bwaloli pali nsanamira zinayi zoikapo ziboliboli. Yachinayi anaimanga mu 1841 kuti aikepo mfumu William IV ili pa hatchi, ndalama zinatha, ndipo nsanamirayo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Ndalemba izi kuti mayi a Tadala adziwe kuti maziko athu a ku Area 49 si oyamba kudikira. Masiku ano amaikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana, ndipo kuyambira Seputembala 2022 panali chiboliboli cha Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa ku Oxford, chotchedwa Antelope. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914: John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, onse atavala zipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe mpaka mzunguyo kuoneka wamng'ono pambali pake.

Dalaivala anayamba kutifotokozera kuti munthuyu anali ndani. Apongozi anamusiya alankhule pang'ono, kenako anamasula mfundo ya pa chitenje pansi pa jekete, natulutsa K500, namupatsa kuti aone nkhope. Kuchokera apo anafotokoza ndi iwo, za Mbombwe, za PIM, za 1915, za tchuthi cha pa 15 Januwale, mayi a Tadala akumasulira. Dalaivala analemba m'kabuku kake. Malipiro a apongozi pa phunzirolo: £0.00. K500 ija anamusiyira, ndipo ndasankha kusaisintha kukhala mapeni.

Westminster Abbey: £0.00, chifukwa usiku ndi kotseka ndipo tinangoona khoma. David Livingstone anaikidwa m'katimo mu 1874, mtima wake utatsala pansi pa mtengo kwa Chitambo ku Zambia. Apongozi anafunsa kuti amene ananyamula maliro kuchokera kumeneko mpaka kunyanja analipidwa zingati. Dalaivala anatchula maina a Susi ndi Chuma, mtengo sanatchule.

Big Ben: £0.00. Dzinali ndi la belu la matani oposa 13 limene linayamba kulira mu 1859, pamene nsanja yake, ya mamita 96, imatchedwa Elizabeth Tower kuyambira 2012. Anali atangomaliza kuikonza, ntchito imene inayamba mu 2017, choncho wotchi inali mbee. Pamwamba penipeni pali nyali ina ya mu 1885, Ayrton Light, imene imayaka pokhapokha aphungu akamakambirana kutada. Akuti Mfumukazi Victoria ankafuna aziona ali kunyumba ngati anthu ake akugwira ntchito. Linali Loweruka, inali yozima. Mlamu anati nyali yotere ikufunika ku Lilongwe, ndipo mayunitsi ake sangathe msanga.

London Eye: £0.00 ukamaiona uli pansi. Gudumu la mamita 135, lotsegulidwa mu 2000. Tadala anafunsa mtengo wokwerera. Anakumbutsidwa lamulo la tsikulo.

Milatho ya pa mtsinje wa Thames: £0.00. Isanu ndi inayi mwa milathoyi inavekedwa magetsi osintha mitundu pang'onopang'ono, ntchito ya Leo Villareal wa ku America yotchedwa Illuminated River. Inayi inayaka mu 2019, isanu mu 2021. Izi ndi zokongola ndithu, ndipo ndinaziona bwino chifukwa mlatho umaoneka chimodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo.

St Paul's Cathedral, imene Christopher Wren anaimaliza mu 1710: £0.00. Apongozi anali m'tulo. M'takisimo munali kotentha bwino. Anagona kuchokera pa Blackfriars mpaka tinayandikira Tower of London, mphindi 20, zomwe ndi £30.00. Pa nthawi imeneyi ndinadzutsa mutu n'kuona mzinda.

Tower Bridge: £0.00. Wa mu 1894, ndipo ndi umene anthu ambiri amautcha London Bridge molakwitsa. London Bridge weniweni ndi wa konkire wamba chapafupi pomwepo. Wakale wake anaugulitsa mu 1968 kwa Robert McCulloch pa $2.46 miliyoni, iye anatenga miyala yake n'kukaumanganso ku Lake Havasu City, ku Arizona. Tower Bridge umatseguka pakati kuti zombo zazitali zidutse, ndipo mwini chombo salipira kanthu, amangodziwitsa kutatsala maola 24. Choncho pa mlatho umenewu usiku umenewo wolipira anali ine ndekha.

Gawo ili lonse: £0.00.

ZIMENE ZINATIPEZA M'NJIRA

Chimbudzi, anthu awiri: £1.00. Apongozi anaona khadi likugunditsidwa pa chitseko. Anauzidwa kuti ndi kulembetsa dzina chabe.

Tiyi anayi pa £3.40, ndi chokoleti chotentha cha Tadala pa £3.90: £17.50. Tiyi anabwera wopanda shuga, shuga wake ali m'timapepala. Apongozi anathira asanu, natenga ena asanu ndi atatu. Ndawalemba ku zolowa.

Mtedza wokazinga ndi shuga, pa Westminster Bridge: £3.00. Apa ndi pamene lamulo linasweka, chifukwa mtengo unali pa chikwangwani ndipo manambala safuna womasulira. Apongozi alima mtedza moyo wawo wonse. Anathira kakapuko m'dzanja, nawerenga njere, nachulukitsa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Tadala, uwauze bambo ako andifunsire kwa bamboyo kuti amapikula kuti." Wogulitsayo anati ku shopu yaikulu, m'matumba. Apongozi anafuna kudziwa ngati ndi chalimbana kapena CG7. Sanadziwe. Anamuyang'ana mmene amayang'anira mavenda a sikelo zokayikitsa pa Kamwendo, ndipo mtedzawo anadya wonse.

Golovesi ya kumanja, imene inagwera mu Thames pojambulitsa: onani gawo lotsatira.

Tchipisi cha mlamu: £5.50. Chopereka cha mlamu pa ulendo wonse: £0.00. Anati khadi lake likuvuta. Khadi limeneli lakhala likuvuta kuyambira pa chinkhoswe chathu.

Bandulo ya akumudzi, kuti tiwaimbire pa WhatsApp aone Tower Bridge: £5.00. Kwathu kunali kutadutsa 10 koloko, magetsi atazima, choncho ife tinkaona mdima wokhawokha ndi mano a azakhali. Iwo ankationa bwinobwino, jekete, mlatho ndi takisi yomwe. Zotsatira zake zili m'munsimu.

Kangachepe ka dalaivala: £20.00. Sindinadandaule nako. Kuti munthu ayendetse takisi yakuda amayenera kukhoza mayeso otchedwa The Knowledge: kuloweza njira 320 ndi misewu yonse ya m'kati mwa mamailosi 6 kuzungulira Charing Cross, ntchito ya zaka zitatu kapena zinayi. Bamboyu sanayang'ane pa foni ngakhale kamodzi. Potsika pa St Pancras anatuluka, natsegulira apongozi chitseko, natsanzika kuti "zikomo, amayi", mawu amene anaphunzira pa Trafalgar Square. Apongozi anauza mwana wawo kuti uyu analeredwa.

Takisi ina, kuchokera pa siteshoni ya Luton kufika kunyumba, basi itatisiya: £11.00. Yopanda wofotokoza.

Gawo ili lonse: £63.00.

ZIMENE ZINABWERA M'MASABATA OTSATIRA

Magolovesi ena: £3.00. Sagulitsa imodzi.

Kutsukitsa chithunzi cha apongozi ali pansi pa Chilembwe, ndi fulemu yake: £8.50. Kunali mdima, choncho pa chithunzipo pakuoneka duku, jekete ndi nsanamira. Chilembwe akuoneka kwa amene wauzidwa kuti alipo.

Thandizo la fetereza kwa amalume a mayi a Tadala, amene anaona takisi ija pa foni: £120.00. Uthenga wawo unayamba ndi kuthokoza Mulungu kuti zinthu zikutiyendera.

Fizi ya mwana wa azakhali a mano aja: £60.00.

Magetsi a m'nyumba muno: sanasinthe. Apongozi akupitiriza kuzimitsa babu la m'khonde aliyense akangodutsa, ngakhale wina ali pa masitepe. Atafunsidwa ndi mwana wawo ngati London sanawasinthe maganizo, anati ajawo ndi a boma.

Gawo ili lonse: £191.50.

CHIWONKHETSO

Malinga ndi wolemba: £704.72.

Malinga ndi mayi a Tadala: £410.10. Achotsa shifiti, ati ndikanagona tulo basi ndiye palibe chatayika. Achotsanso fetereza ndi fizi, ati zimenezo zikanabwerabe, takisi kapena ayi. Pa fetereza mwina akunena zoona. Pa fizi ayi, chifukwa mwana ameneyo anamaliza Fomu 4 chaka chatha.

Zolowa: timapepala ta shuga 8, ndi golovesi ya kumanzere imodzi yapadera.

Chidziwitso kwa woyang'ana bukuli: basi ya usiku, ukakhala m'chipinda chapamwamba kutsogolo, imadutsa ambiri mwa malo omwewa, ndipo mu 2023 mtengo wake unali £1.75. Izi zinanenedwa pa msonkhano wa banja ulendo usanachitike ndipo zili mu maminitsi, amene ndinalembanso ndine. Tsambali latsekedwa pa £704.72. Mayi a Tadala akana kusayina, ndipo mlamu wapempha kuti dzina lake lifufutidwe pa tchipisi.