Mkhristu wolimba wa pa 31 Disembala

Mu Buguruni monse muno, kuchokera ku Malapa, kudutsa pa Rozana mpaka kukafika kwa Mnyamani, simungapeze Mkhristu wolimba kuposa ine. Chachikulu mundipeze pa nthawi yake. Nthawi yakeyo ndi pa 31 Disembala, kuyambira cha m'ma 10 koloko usiku mpaka tambala woyamba. Mukabwera tsiku lina, zimenezo ndi zanu.

Usiku umenewo ndi wa mapemphero ochezera, amene eni dziko kuno amati mkesha. Tchalitchi chathu ndi chamalata, mazenera awiri, zimkuzamawu zinayi. Disembala wa ku Dar es Salaam mukumudziwa, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Koma ine ndimavala jekete ndi tayi, chifukwa mwana wa ku Dowa salowa chaka chatsopano ndi malaya okha. Pofika 11 koloko thukuta limakhala litafika m'nsapato, ndipo oyandikana nane amayesa kuti ndi mphamvu ya pemphero.

Abusa amalalikira m'Chiswahili, ndiye apa pali kavuto pang'ono. Chiswahili changa ndi cha pamsika. Kufunsa mtengo ndimatha, kunenerera ndimatha, kukangana ndi kondakitala wa daladala pa nkhani ya chenji ndimaposa ngakhale mbadwa. Koma abusa akakwera giya, mawu n'kuyamba kuthamanga, ine ndimangodikira pamene apumire kuti ndiponyepo "Amina!" wamphamvu. Ulendo uno anafuula kanthu kenakake, n'kukhala chete akuyang'ana mpingo. Ine nyamu, manja m'mwamba, "Amina!" Tchalitchi chonse m'manja, amayi nthungululu. Ndinkayesa kuti aona chisomo pa ine. Mayi a kunyumba anandikoka jekete: "Bambo a ana, mukudziwa chimene mwavomera? Amafunsatu woyamba kulonjeza simenti yomangira khoma." Poti ndiyang'ane kutsogolo, mlembi anali atalemba kale: Mnyasa, matumba 3.

12 koloko ikakwana, Buguruni amapenga. Anyamata a bodaboda mahutala, malole ochokera kudoko mumsewu wa Mandela nawonso mahutala, ana akumenya mabeseni ndi zitini, mavuvuzela mbali zonse. Pamenepo ine ndimagwetsa misozi yeniyeni. Ndimalumbira kuti chaka chino sindigwedezeka, kaya kubwere chigumula, kaya mkango. Ndili ndi kope limene munalembedwa malonjezo anga: kudzuka mbandakucha kupemphera, kuwerenga Baibulo lonse kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, kusiya kupsa mtima, kusunga ndalama. Kopelo ndi lakalekale. Malonjezo sindilembanso, ndimangofufuta chaka n'kulembapo china. N'chifukwa chake Genesis ndimamudziwa kwambiri. Za Nowa ndingakuphunzitseni usiku wonse. Koma Levitiko timangopatsana moni patali.

Chikhulupiriro changa chili ngati mayunitsi a magetsi a LUKU ogula ndi ndalama zapansi: usiku woyamba nyumba yonse mbee, wailesi ikulira, fani ikuzungulira, koma sabata isanathe mita yayamba twi, twi, twi. Ndipo amene amayamba kuiliza mitayo ndi mwini nyumba.

Mwina ena simudziwa. Kuno lendi salipira mwezi ndi mwezi monga ku Kawale kapena ku Ndirande. Eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi 6 pakamodzi, ndipo polowa umapatsanso dalali ndalama ya mwezi wathunthu, munthu amene ntchito yake yonse inali kuloza ndi chala kuti nyumba ndi iyo. Ine ndi nzeru zangazi ndinalowa nyumba mu Julayi. Werengani nokha muone pamene miyeziyo ikuthera.

Mwini nyumba wathu ndi mdala waulemu, Msilamu wa chipewa choyera, sakweza mawu. Amangofika m'mawa, "Hodi!", kutifunira chaka chabwino, kufunsa za ana, kufunsa ngati mvula ikugwa bwino ku Malawi, kenako n'kukhala chete akuyang'ana denga lake. Chete ameneyo ndi amene amandithyola mawondo. Chaka chino nditangomva hodi, ndinapezeka ndili kuseri kwa chitseko, ndikulankhula ndi manja kuti mayi anene kuti ndachoka. Iwo anangoti, "Karibu mzee, yupo." Kenako m'chathu: "Tulukanitu bambo a ana. Si inu usiku uja mumati ngakhale mkango ubwere?"

Ndinatuluka. Mkango unamwa tiyi, n'kundipatsa mpaka pakati pa mwezi.

Mdala atangopotoloka, foni. Kumudzi Januwale ndi mwezi umene chimanga chili m'mawondo, nkhokwe ili pululu, feteleza wobereketsa akufunika lero osati mawa. Ndipo kwathu ku Mponela aliyense amadziwa kuti munthu wokhala ku Taifa ndalama amachita kutola pagombe. Amayi amayamba bwinobwino: "Mwanawe, mwalowa bwanji chaka? Ife talowa, kungoti chimanga chayamba chikasu." Malume alibe nthawi yozungulira. Amangoflasha, kenako kauthenga: "Imbani msanga." Uimbe mtima uli m'mwamba kuti mwina kwagwa zovuta, ukamva kuti mbuzi yawo yadya mmera wa eni ake ndipo amfumu agamula.

Ntchito yanga ndi yoperekeza amalonda a kwathu ku Kariakoo. Amachokera ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Limbe, kuwoloka pa Songwe, n'kupindika miyendo m'basi kudutsa Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Ine ndimawalandira, kuwaonetsa masitolo a zitenje, nsapato, ziwiya ndi zida za mafoni, kuwanenerera, kumanga mabelo n'kuwakwezera. Akapindula ndimadya, akalira ndimalira nawo. Ndiye taganizani. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mayi amene ankagula mabelo asanu anayamba kugula awiri, ndipo kangachepe kanga kanasanduka "Mulungu akudalitseni achimwene." Mu Epulo 2025 maboma athu awiri anakokanakokana pa malonda a zokolola, katundu wina n'kuima pachipata. Ine amene sindilima nthochi kapena mpunga ndinaonda nawo. Zonsezi m'kope langa lija munalibe.

Pa 16 Novembala 2024 nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo, m'mawa malonda atangoyamba, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Apa siposeka. Tonse amene timadyera m'misewu imeneyo tinazizidwa nkhongono, poti m'mashopu apansi oterowo timalowamo tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo ndinkapemphera osakumbutsidwa ndi kope, ndipo kutchalitchi ndinkafika wosesa asanafike. Koma munthu ndi munthu. Khirisimasi isanakwane ndinali nditabwerera pabenchi langa lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamadutsa kamphepo.

Mu Januwale mpingo wathu umalengeza kusala kudya kwa masiku 21. Lamulo limeneli ndimalilandira ndi manja awiri, chifukwa limagwirizana ndi mmene zilili m'khitchini. Munthu umasala bwino kwambiri ukakhala ulibe chodya. Vuto limabwera tsiku limene kasitomala wakupatsa kenakake, n'kutsika daladala pa Sheli, mphepo ikuchokera kwa mnyamata wokazinga tchipisi cha mazira. Satana wa ku Buguruni alibe nyanga, ali ndi chiwaya ndi kachumbari.

Lamulungu masana ife a ku Malawi timakumana pakhonde la mkulu wina wa ku Nkhotakota, amene anafika mumzinda uno njanji ya TAZARA ili yatsopano, m'zaka za m'ma 1970. Mlatho wam'mwamba wa Mfugale uja, umene unatsegulidwa mu 2018, iwo amautchulabe "chinthu chadzulochi". Nditawadandaulira za simenti, lendi ndi feteleza, sanandipepese n'komwe. Anatsegula Buku Lopatulika lawo lothothoka chikuto pa Machitidwe 27, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha mokweza.

Paulo ali mkaidi, akupita naye ku Roma pangalawa, m'katimo muli anthu 276. Namondwe wawagwira masabata awiri, dzuwa osaoneka, nyenyezi osaoneka, katundu aponya kale m'nyanja. Ine powerenga ndinkadikira pamene Paulo aimirire n'kudzudzula mphepo, nyanja n'kuti zii. Ayi ndithu. Kutatsala pang'ono kucha, iye anauza anthu kuti adye. Anatenga mkate, kuyamika Mulungu, kunyema, n'kuyamba kutafuna pamaso pawo ngalawa ikupendama. Ndipo ngalawayo inaswekadi. Odziwa kusambira anasambira, ena anakangamira matabwa, onse n'kufika pachilumba cha Melita, chimene lero ndi Malta. Mutu wotsatira, mvula ikugwa, kukuzizira, Paulo watola nkhuni kuti asonkhezere moto, njoka n'kumuluma dzanja. Wapulumuka m'nyanja, kumtunda njoka! "Ameneyo ndiye Januwale," anatero mkulu uja. Paulo anangoikutumulira pamoto n'kupitiriza zake.

"Nanga iwe mphwanga, m'ngalawamo ukanakhala ndani?"

Ndinati Paulo.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandilozera ndime ya amalinyero amene anatsitsa kabwato mwakachetechete, akunamizira kuti akukaponya anangula, chonsecho akufuna kuthawa. "Wako ndi uyu, wa kuseri kwa chitsekoyu." Nkhani inali itawapeza kale. Buguruni alibe chinsinsi, ndipo mayi a kunyumba ali m'gulu la amayi pa WhatsApp.

Nkhani ya Pauloyi inandikhumudwitsa, ndisaname. Ine ndimakonda uthenga wa pazikwangwani zimene zimadzaza msewu wa Uhuru mu Disembala, zolengeza chaka cha galimoto, chaka cha nyumba yosanja, chaka cha viza. Uthenga umenewo umakoma m'khutu. Kungoti ndayang'anayang'ana, amene amalengeza chaka cha galimoto ndi yemweyo amene amabwera nayo galimotoyo n'kubwerera nayo. Tonsefe timakwera daladala, wina akukupumira m'khosi mpaka Rozana. Zoti munthu adye mkate ngalawa ikusweka palibe amene amazisindikiza. Ndani angapite kumsonkhano wolembedwa kuti bwerani nonse, ngalawa isweka koma thabwa lilipo? Komatu ndikawerenga zaka zimene ndakhala kuno, galimoto sindinaionepo. Matabwa ndiye ndagwirapo ambiri.

Anthu osagwedezeka ndimawaona, ndipo chodabwitsa n'choti alibe phokoso. Pakona pathu pali mayi wokazinga vitumbua, Mkatolika. Ankakhala kuchigwa cha Msimbazi mpaka chigumula cha mu Disembala 2011 chinakokolola zonse n'kumusiyira chiwaya chokha. Pa mkesha sindinamumvepo akufuula. Amapita ku Misa, kubwerako n'kukagona, poti usiku womwewo ayenera kukoleza makala. Pa 1 Januwale ine ndikubwerera kunyumba mawu atasasa, jekete paphewa, tayi m'thumba, iye ali kale pambaula, akutembenuza vitumbua ndi kamtengo kosongoka, chimodzichimodzi, osathamanga. Ndinamufunsa chinsinsi chake, ndikuyembekeza vesi. Anati, "Shemeji, mafuta akatentha sucheza." Kenako anandikumbutsa ngongole ya vitumbua ya mwezi watha.

Ngakhale mnyamata wa bodaboda amene amandinyamula ndikachedwa amandiposa. Pa mpira iye ndi wa timu ya Simba. Mu Novembala 2023 Yanga inawakwapula 5-1, koma m'mawa mwake anavala jezi yofiira yomweyo n'kukaima pa siteji, anthu a Yanga akumuimikira zala zisanu tsiku lonse. Ine Wanderers ikagonja ndimazimitsa foni.

Pamene ndikulemba pano, lendi ndalipira theka, ndipo mdala wavomera kuti theka linalo alandire kumapeto kwa mwezi. Simenti ndapereka thumba limodzi. Ndinalisenza ndekha pamutu kuchokera kusitolo, mlembi n'kufufuta 3 kulemba 2 ine ndikuona. Levitiko tayamba kulankhulana, ngakhale nkhani zake za nsembe zikungondikumbutsa mbuzi ya malume.

Tsono amayi ku Mponela, ya feteleza ikubwera Lachisanu, ya thumba limodzi, mugawane ndi achemwali. Malume, pitani kwa amfumu mukapemphe kuti chindapusacho mudzapereke chimanga chikacha. Ndipo nonse amene muli ndi nambala yanga, mukaflasha ine osaimba, musavutike kufunsa mayi a kunyumba ngati ndilipo. Ndilipo, kuseri kwa chitseko.