Digiri yachiwiri imene sindingaionetse kulikonse

Ndili ndi satifiketi ya digiri yachiwiri imene palibe wolemba ntchito m'Malawi muno angailandire. Ndinaiwerengera, ndinailipirira, mayeso ndinakhoza, koma sukulu imene inandipatsa pepalalo ndi yosavomerezeka. Ndine mphunzitsi wa Jogalafe komanso wachiwiri kwa ahedi pa CDSS ina kunja pang'ono kwa mzinda wa Mzuzu. Ndikuulula izi chifukwa masiku ano nkhani ya Masters ili pakamwa pa aphunzitsi ambiri, ndipo ndikudziwa kuti alipo anzanga amene aima pakhomo lomwe ine ndinalowera.

Kuphunzira uli pantchito sichinali chachilendo kwa ine. Dipuloma ndinaitenga ku Domasi College of Education, ndipo digiri yoyamba ndinaipeza ku Mzuni kudzera m'maphunziro a ODL, amene anayamba kulandira ophunzira mu 2011. Tinkapita ku Luwinga, komwe kuli Mzuni, kwa masabata ochepa kukakumana ndi aphunzitsi athu, kenako n'kubwerera kuntchito ndi mabuku a mamojulo. Ndinali pakati pa maphunziro amenewa pomwe laibulale ya Mzuni inapsa pa 18 Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Tinavutika, tinkabwerekana timapepala tojambulitsa, koma tinamaliza. Kumalizako kunandipatsa chidaliro chopitirira muyeso. Ndinayamba kuganiza kuti sukulu iliyonse yophunzitsa munthu ali kwawo ndi yofanana ndi imene inandisula ine.

Digiri yachiwiri ndinaifuna pa zifukwa zimene mphunzitsi aliyense akuzidziwa. Giredi imakhala malo amodzi zaka zambirimbiri, ana akukula, ndipo m'nyuzipepala mukatuluka mwayi wokaphunzitsa ku koleji, mawu oti Masters amakhala patsogolo. Njira zoongoka zinalipo, ndipo ndinkazidziwa. Mzuni, imene inatsegulidwa mu 1999 m'nyumba zomwe kale zinali koleji ya aphunzitsi, ili ndi Master of Education ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu, komanso ya kasulidwe ka aphunzitsi. Kuchokera kunyumba kwanga ku Chiputula, sakaramento imandifikitsa pageti pake thukuta la wopalasa lisanayambe. Ku Zomba, University of Malawi ili ndi ina ya mfundo, mapulani ndi utsogoleri pa maphunziro, ngakhale ulendo wake umadya tsiku lathunthu.

Chimene chinandibweza m'mbuyo ndi nthawi. Maphunziro amenewa amafuna kuti uzioneka m'kalasi, upemphe chilolezo kwa ahedi ndi kwa mabwana a kudivishoni, kenako uchite kafukufuku pansi pa mphunzitsi wokuyang'anira amene salola kuti chiganizo chopanda umboni chidutse. Ndinaona anzanga akumangika pa kafukufukuyo zaka zingapo. Pasukulu pathu wa Jogalafe ndinali ndekha, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, kuonjezera za mu ofesi. Ndinkafuna njira yoti ndisapemphe munthu aliyense.

Njirayo inandipeza pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi chakumapeto kwa 2022. Inali sukulu ya kunja, zonse pa intaneti, chaka ndi theka basi. Mkulu amene ankaiimira kuno anali wa pakamwa pokoma. "Achimwene, munthu wotanganidwa ngati inu musavutike ndi zokhala pabenchi. Mukhala kunyumba, foni m'manja, gauni ikupezani komweko." Ananditumizira zithunzi za anthu ovala zipewa za makona anayi, ndi kalata yodindidwa chizindikiro cha bungwe lina limene ankati limavomereza masukulu. Ndinafunsa za mtengo, ndinafunsa za nthawi. Za bungwelo sindinafufuze.

Ahedi athu, mayi wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pantchito, anandichenjeza nditangowauza. "Aphunzitsi, mwafunsa ku NCHE?" Ndinayankha kuti, "Ndifunsa, madamu." Sindinafunse. Bungwe la National Council for Higher Education linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndipo ntchito yake ndi kulembetsa ndi kuvomereza masukulu aukachenjede ndi maphunziro ake, kuphatikizapo kuunika masatifiketi ochokera kunja. Mndandanda wa masukulu ovomerezeka limautulutsa poyera. Zonsezi ndinkazidziwa, moti ophunzira anga a Fomu 4 ndinkawalangiza ndine kuti asamalowe koleji yosavomerezeka. Koma mumtima ndinkaopa kuti ndikafunsa ndimva yankho limene sindikulifuna. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kutseka dala makutu.

Fizi inali ya madola, mojulo iliyonse payokha. Ndinatenga ngongole ku SACCO, yodula kumalipiro. Mayi a kunyumba, amene amagulitsa kaunjika mumsika waukulu, anatenga ina kubanki mkhonde. Madola m'mabanki anali osowa, choncho ndalama ndinkapereka kwa mkulu uja pa mtengo umene iye watchula. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo ya pamsika wakuda inali pamwamba kuposa apo. Malipiro anga sanasunthe. Mamojulo otsala anakwera mtengo usiku umodzi. Ndinalowa katapila, ndipo katapila atandipanikiza ndinagulitsa puloti imene tinagula ku Dunduzu kuti tidzamangepo. Mkazi wanga sanakalipe. Anangoti, "Bambo, ngati ndi za sukulu, gulitsani. Sukulu siinamiza munthu." Mawu amenewa amandipwetekabe.

Koma ngongole yaikulu si ya ndalama. Magetsi nthawi imeneyo ankavuta kwambiri chifukwa namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo usiku wambiri foni ndi laputopu zinkakhala zozima. Choncho ndinayamba kulemba maasainimenti anga masana, kuntchito. Ndinkapereka kope langa la manotsi kwa mtsogoleri wa kalasi kuti alembe pabolodi, ine n'kukakhala mu ofesi pawindo pamene netiweki imagwirako. Kuwerenga mapu, kumene kumafuna kuti mphunzitsi aime pambali pa mwana ndi rula ndi ulusi, kumuonetsa mmene mizere imasonyezera phiri ndi chigwa, ndinakudutsa pamwamba. Ana a pa CDSS alibe mabuku okwanira, ambiri alibe wowalipirira maphunziro apadera. Mphunzitsi ndiye buku lawo. Mtsikana wina wanzeru, amene ankayenda mtunda wautali m'chisanu cha mu Juni, anandipeza tsiku lina pakhomo la ofesi. "Sala, mapu aja tidzaphunzira liti? Mayeso ayandikira." Ndinamuuza kuti sabata ya mawa. Zotsatira za MSCE zitatuluka, Jogalafe ndiye inamukokera pansi, ndipo sanali yekha. Ndinkaphunzira za utsogoleri wa sukulu uku ndikusiya ana a sukulu yanga opanda mphunzitsi. Puloti ndingadzagule ina. Chaka cha ana aja sindingachibweze.

Zizindikiro zinalipo ndithu. Asainimenti iliyonse inkabwera ndi malikisi apamwamba popanda ndemanga ndi imodzi yomwe. Ku Luwinga pepala linkabwerera lofiira ndi inki, mphunzitsi akufunsa kuti mfundo iyi waitenga kuti. Uku kunalibe wondifunsa. Kafukufuku wanga anadutsa popanda komiti younika ngati ndingafunse ana mafunso, popanda kuima pamaso pa akadaulo kuti ndiuteteze. Ndinazindikira kuti pali chokayikitsa, koma ndinali nditalipira zambiri moti kubwerera kunkaoneka kopweteka kuposa kupitirira.

Zinaululika pamene ndinafunsira ntchito yophunzitsa pa koleji ina. Anandiuza mwaulemu kuti satifiketi ya kunja iyenera kubwera ndi kalata yosonyeza kuti yaunikidwa. Ndinatumiza mapepala ku NCHE ku Lilongwe ndili ndi chiyembekezo. Yankho linali lalifupi: sukuluyo si yovomerezeka ngakhale m'dziko lake lomwe. Chizindikiro chija chinali cha bungwe limene boma la kumeneko sililizindikira. Mkulu uja nditamuimbira anati ndidekhe, nkhaniyo ikukonzedwa. Kenako foni yake inasiya kupezeka.

Ahedi nditawauza sanandikumbutse za chenjezo lawo. Anati, "Pepani, aphunzitsi. Tsopano bwererani m'kalasi." Ndinabwerera, ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzitsa mapu kwaulere, kuphatikizapo ena mwa ana aja amene akubwereza. Kunyumba kunali kovuta kuposa apo. Mayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ngongole ya ku SACCO idzatha liti. Mpaka lero ikudulidwabe.

Mlandu ndi wanga, sindiukankhira kwina. Komabe ndikunena mosabisa kuti anthu ngati mkulu uja amapeza malo chifukwa mphunzitsi wa pantchito amasowa polowera. Mayunivesite athu akamakonza ndondomeko ya maphunziro a digiri yachiwiri, aziyang'ana kalendala ya sukulu za sekondale, kuti masabata okumana ndi ophunzira azigwa pa tchuthi, ndipo oyang'anira kafukufuku azibweza ntchito m'nthawi yake. A unduna aziona kuti mphunzitsi akapita kukaphunzira, kalasi yake ili ndi wina woigwirizira. Zikatero, ochepa adzathawira ku njira zachidule.

Inu aphunzitsi anzanga ndi ahedi, mu Mzuzu, ku Ekwendeni, ku Nkhata Bay ndi kwina konse, musanapereke tambala, tumizani ku NCHE dzina la sukuluyo pamodzi ndi dzina la digiriyo, ndipo yankho likhale lolembedwa. Funsani ngati fizi ndi ya makwacha kapena madola, funsani amene adzayang'anire kafukufuku wanu, ndipo mukhale pansi ndi ahedi anu kugwirizana za amene aziphunzitsa ana pamene inu mukuwerenga.