Waya wa masipika ndi anthu ake

Disembala ikafika, mabasi ochokera ku Joni amabwera atadzaza mpaka kudenga, ndipo pakati pa mabulangete ndi zikwama zamizeremizere sipalephera kupezeka katoni ya home theatre: masipika asanu, wufa imodzi ndi ampu. Katoniyo imatsegulidwa mudzi wonse ukuonerera. Pansi penipeni pamapezeka timawaya towonda, tosafika n'kuseri kwa sofa komwe. Mavuto amayambira pamenepo.

*

Mlamu wanga wina anapita kukagula waya ku Limbe. Mnyamata wa m'sitolo anafunsa, "Bwana, mukufuna geji yanji? Ilipo 12, 14, 16, 18 mpaka 24."

Alamuwo sakonda zinthu zazing'ono. "Achimwene, mukundiona bwanji? Ndipatseni 24."

Mnyamata anayeza mamita 20, n'kukulunga, mpukutu wonse n'kukwana m'thumba la malaya. Alamu anafika kunyumba akulalata kuti aberedwa masanasana.

Sanaberedwe ayi. Manambala amenewa ndi a AWG, muyezo wa ku America umene unakhazikika mu 1857 kudzera ku kampani ya Brown & Sharpe, ndipo amayenda chafutambuyo. Popanga waya amamukoka kudutsa m'timabowo, kukoka kulikonse n'kumamuwondetsa, ndiye nambala ikamakwera waya akunka nawonda. Geji 12 ndi pafupifupi 3.3 mm², 14 ndi 2.1, 16 ndi 1.3, pamene 24 uja ndi 0.2 basi, wofanana ndi timawaya ta m'kati mwa chingwe cha intaneti. M'mahadiweya athu ambiri amangotchula mamilimita, 1.5 kapena 2.5, ndipo pamenepo nambala yaikulu ndiyedi waya wonenepa. Alamu atafotokozeredwa anangopukusa mutu. "Anthu oyendetsa galimoto kumanja kwa msewu mungayembekezere chiyani?"

*

Ndiye woyenera ndi uti? Tembenuzani sipika yanu muwerenge kumbuyo. Mupeza 8 ohms, 6 kapena 4. Amisiri ambiri amatsata kalamulo koti ma ohms a waya asapitirire magawo 5 pa 100 a nambala imeneyo. Kwa sipika ya 8 ohms ndiye kuti 0.4. Waya wa 1.5 wa kopa weniweni, kuwerenga kupita ndi kubwera, amakhala ndi 0.023 ohm pa mita iliyonse, kotero akhoza kuyenda mamita 17 asanayambe kuba mawu. Sipika ikakhala ya 4 ohms dulani pakati, mamita 8. Wa 2.5 amafika mamita pafupifupi 29 pa sipika ya 8 ohms. Zili ngati paipi ya madzi: ikakhala yaitali komanso yopapatiza, kumpopi kumangodontha. Geji 24 wa alamu uja pa mamita 10 akanadya magawo 17 pa 100 a mphamvu ya ampu, n'kuisandutsa kutentha.

Tsopano yezani balaza lanu. Ngati likupitirira mamita 17, nkhani zanga musamawerenge, lembani ntchito munthu woti azikuwerengerani.

*

Malume ena a ku Area 25 anamva zoti waya wonenepa ndiye wabwino, koma sanadikire kumva malire ake. Anapita kwa owotcherera mageti n'kugula chingwe cha makina a weludingi. Atafika nacho kunyumba, kabowo ka kumbuyo kwa sipika n'kakang'ono, kaja kotsina ndi sipuling'i. Anatenga pulayazi n'kuyamba kudula timaulusi ta kumapeto, kamodzikamodzi, mpaka tinatsala tokwana m'kabowo. Analumikiza, n'kukweza sipika pashelefu. Chingwe n'cholemera kuposa sipika. Asanafike n'pampando pomwe, sipika inali itatsika yokha, itatenganso chithunzi cha ukwati.

Azakhali anatulukira kukhitchini. "Abambo, ndiye ndi imeneyo besi mumanena ija?"

*

Pali waya wina wokongola kwambiri, wa pulasitiki yoonekera m'kati, wonyezimira bwino, mtengo wake wosaboola m'thumba. Ukaunyamula, mpukutu wonse ndi wopepuka modabwitsa. Ameneyo nthawi zambiri ndi CCA, aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 61 pa 100 a mmene kopa amachitira, ndiye waya wotere wa 2.5 amagwira ntchito ya kopa wa 1.5 kapena kuposerako pang'ono. Si mlandu kumugula, bola mudziwe n'kukwera sayizi. Mlandu ndi kumulipira mtengo wa kopa, makamaka ife amene kopa amakumbidwa kwa aneba pomwepa, ku Chingola ndi ku Kitwe, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA yopanga mawaya.

Mdala wina wodziwa zinthu analowa m'sitolo n'kufunsa ngati wayayo ndi kopa.

"Kopa weniweni, madala. Orijino."

Mdala anatulutsa kampeni, n'kupala kaulusi kamodzi. M'kati munatuluka zoyera. Anayatsa machesi, timaulusi n'kufota nthawi yomweyo. Wogulitsa anayang'ana waya, n'kuyang'ana mdala.

"Ameneyo ndi kopa wa masiku ano, madala. Nyengo inasintha."

*

Neba wanga anakhala sabata yathunthu akudandaula kuti masipika ake akutsogolo alibe besi. Ng'oma zinkamveka zopanda mimba, ndipo mawu a woimba sankadziwika kumene akuchokera, kaya kukhitchini kaya kudenga. Anabweza masipika kumene anagula, anamusinthira, koma zinali chimodzimodzi. Anayamba kukayikira nyumba. Kenaka anayamba kukayikira landilodi.

Mwana wake wa Fomu 2 anasuzumira kumbuyo. "Adadi, uyu wofiira walowa kwakuda."

Sipika imodzi ikalumikizidwa chotembenuza, imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndipo mawu apansi amafafanizana. Palibe chimapsa, n'chifukwa chake munthu akhoza kukhala nazo chaka chonse osadziwa. Waya aliyense wa masipika ali ndi chizindikiro mbali imodzi, kaya mzere, kaya zolemba, kaya kamsana kokhakhala komveka ndi chala. Mbali imeneyo ikalowa kofiira kwa ampu, ilowenso kofiira kwa sipika. Zizindikiro zikafufutika, tengani batire la tochi la 1.5 V mugunditse mawaya awiriwo kamphindi. Chimbale cha sipika chikatumphira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye wofiira.

Neba anatembenuza waya, besi n'kubwera yogwedeza makapu m'kabati. Anamuyang'ana mwana uja nthawi yaitali.

"Iwe, homuweki walemba?"

*

Kwa anzathu ena ampu inkazima yokha filimu ikangofika pa mfuti ndi mabomba. Nkhani za pa TV zinkatha bwinobwino, nyimbo za kwaya chimodzimodzi, koma akangoti akweze kuti amve helikopita, thi! Apongozi aakazi, amene anabwera kudzaona mdzukulu, anagamula kuti m'nyumba monsemo chinthu chokhacho choleredwa bwino ndi ampuyo.

Mmisiri atabwera anapeza kaulusi kamodzi ka kopa katathawa pamalo pake, kakulendewera pafupi ndi waya mnzake. Besi ikagwedeza kabati kankakhudza, n'kuchita shoti, ampu n'kudzizimitsa kuti isapse. Mwini nyumba anali atasenda wayayo ndi mano, utali wa chala chonse. Posenda pamangofunika sentimita imodzi kapena kuposerako pang'ono, kupota timaulusi kuti tigwirane, kulowetsa, kumanga, n'kukokako pang'ono kuona ngati wagwira. Amene amasunthasuntha zinthu pokolopa angachite bwino kugula timapulagi totchedwa banana, ta mamilimita 4, tongobaya n'kuzula. Sitiwonjezera kukoma kwa mawu ngakhale pang'ono, koma timasunga timaulusi pamodzi.

Mmisiri anadula kaulusiko n'kutchula mtengo. Mwini nyumba anadzidzimuka. "Kaulusi kamodzi ndalama zonsezo?"

"Kudula n'kwaulere, bwana. Mukulipira kukapeza."

Apongozi anapakira m'mawa mwake.

*

Pa chinkhoswe china mnyamata wa zoimbira anabwereka masipika anayi a 8 ohms n'kuwapotera onse pamalo amodzi, ofiira pamodzi, akuda pamodzi. Masipika awiri otere akalumikizidwa choncho ampu imaona 4 ohms, anayi imaona 2, pamene kumbuyo kwake kunalembedwa kuti isatsike pa 6. Ohms ikatsika ampu imatulutsa magetsi ochuluka, ndipo imatentha. Pofika nthawi ya perekaniperekani anali ataika mwana woti aziikupiza ndi chivundikiro cha poto. Mwana atatopa anabwera wina. Wachitatu anapita kukatola ndalama zimene zinkagwa pabwalo, ndipo fungo la chinthu chopserera linafika mpaka kwa amayi ophika, amene anayamba kuvundukula mapoto mmodzimmodzi kufuna amene wapsereza mpunga.

Panthawiyo n'kuti a kuchimuna ataponya kale ndalama zawo nyimbo ikulira. A kuchikazi anaponya zawo ndi m'manja mokha, ndipo mpaka lero amati zinachita kukonzedwa.

*

Musaganize kuti zoseketsazi n'zathu zokha. Kunja kuli anthu amene amagula waya wa masipika pa mtengo wa galimoto. Kuyambira pamene Noel Lee anayambitsa Monster Cable ku San Francisco mu 1979, malonda a waya wapamwamba anakula kwabasi. Mu 2007 James Randi, katswiri wa masewera amatsenga amene ankakonda kuyalutsa onama, anaika poyera madola 1 miliyoni kwa amene angasiyanitse ndi makutu okha, osaona, mawaya a kampani ya Pear a madola 7,250 ndi mawaya a Monster otsikirapo mtengo. Panali kulemberana ndi kukangana kwambiri, koma mayesowo sanachitike.

Mawaya ena amabwera ndi timivi tosonyeza kumene mawu ayenera kulowera. Magetsi a nyimbo ndi osinthasintha, amapita uku ndi uku maulendo mazanamazana pa sekondi, ndiye muvi akaulondola theka la nthawi, theka linalo akuuphwanya. Mnzanga wina wa ku London anandiuza monyadira kuti atatembenuza waya wake kutsata muvi, gitala anayamba kumveka "wotseguka". Ndinafunsa kuti pamene ankatembenuza anamanganso bwino zomangira zija? Anati inde, zinali zitakhwepa. Ndinangoti zikomo.

*

Masipika akumbuyo ndiwo amavutitsa, chifukwa waya ayenera kudutsa balaza lonse. Odutsitsa pansi pa kapeti amagwetsa alendo. Odutsitsa kusiling'i amadyetsa makoswe, pokhapokha atamulowetsa m'paipi ya pulasitiki. Koma bambo wina wa ku Ndirande anaganiza mozama kuposa onse. Pofuna kuti mayi akunyumba azitha kuchotsa masipika pokolopa, anadula waya pakati n'kuikapo pulagi ya magetsi, ija ya mano atatu, ndi soketi yake. Zinkagwira ntchito bwino kwambiri, moti ankaitana anzake kudzaona nzeru.

Loweruka lina kunabwera mphwake kuchokera kumudzi. Mtsikana waulemu, wakhama pantchito. Anakolopa balaza lonse, n'kuona pulagi ili pansi, soketi ya pakhoma ili yopanda kanthu. Anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita.

Sipika yopangidwira mavoti ochepa a ampu inalandira 230 V. Inalira kamodzi kokha, mokweza kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake, agalu a m'dera lonse n'kuyankha. Bambo anatuluka kubafa ndi sopo kumutu, n'kupeza utsi uli tolotolo, mtsikana ataima ndi chikolopa m'manja.

"Malume, yayaka. Koma nyimbo yake ndi yaifupi."