Miseche yoyendera mabatire

Amuna sitijeda. Mwamuna akafuna kumva za eni ake amagula makina, n'kuikamo mabatire anayi, kenako n'kulamula nyumba yonse kuti ikhale chete poti iye ali pa kafukufuku.

Makina anga ndi sikana, kawailesi kopanda nyimbo, kopanda mpira, kopanda ngakhale uthenga wa maliro. Ntchito yake n'kuyendayenda m'manambala amene mwaisungira. Ikapeza pamene pali munthu akulankhula imaima, akamaliza imapitirira. Yanga ndi ya analogi, ndipo ndinaitola pa kaunjika wa zamagetsi ku Limbe, pakati pa masimbi ndi marimoti amasiye. Wogulitsayo ankaiyesa ova-ova ya alonda yothyoka batani lolankhulira, ndiye sindinafune kumusokoneza ndi maphunziro.

Kuiphunzitsa n'kwa manja: musankhe tchanelo, mulembe nambala, mudine E. Palinso kachitsulo kopotokola kotchedwa squelch. Mumakapotokola pang'onopang'ono mpaka phokoso la shiii litangoleka, basi musiyire pomwepo. Ine, pokhala munthu wosachita zinthu mwatheka, ndinakapotokola mpaka kumapeto. Makina anati zii. Ndinayamba kuuza anzanga pa bawo kuti chuma chavutadi, ngakhale ndege zaleka kubwera. Anandiwombola ndi mwana wanga wa Sitandade 6, amene anakabweza pofuna kuona ngati mumatuluka magemu.

Apo mpamene ndinamva bwalo la ndege la ku Chileka. Ndege za anthu wamba padziko lonse zimalankhulana ndi nsanja pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo mpaka lero zikadali pa AM, analogi yeniyeni. Zili ndi ubwino wake. Pa FM anthu awiri akalankhulira pamodzi, wamphamvu amameza wofooka osasiya n'chizindikiro chomwe. Pa AM pamamveka kulira kwa likhweru, ndiye wa pansanja amadziwa kuti pali wina amene sanamveke. Nambala ya 121.5 ndi ya pangozi. Imeneyo ndinaisunga pa tchanelo choyamba, ndipo ndimaimvera ndi nkhope ya munthu woti zitavuta athandizapo.

"Ndiye akuti chiyani, bambo?" anafunsa mayi akunyumba.

"Akuti Alfa, Bravo, kenako manambala. Mwachidule, ikutera."

"Imene ija? Ndaiona kale ndikuyanika zovala."

Ulemu wanga unatha pamene alamu anabwera kutchuthi kuchokera ku Indiana. Anatulutsa yawo ya dijito, ya madola mazana angapo, yowala mitundumitundu. Kumeneko anthu amakangana za Uniden ndi Whistler mpaka kudana, ndipo alamu anabwera nawo mkanganowo m'chikwama. Anayang'ana yanga n'kufunsa ngati imagwira P25, DMR kapena NXDN. Ndinayankha kuti imagwira Chileka.

Pamenepa ndiwavomereze, anali ndi mfundo. Mawu a dijito amayamba asandutsidwa manambala, choncho sikana ya analogi ikawapeza imangolira trrrr. Palinso chimene amati trunking: magulu ambiri amabwerekana manambala ochepa, ndipo tchanelo chimodzi chimakhala kapitawo, kuuza aliyense polankhulira nthawi imeneyo. Wa ozimitsa moto akayamba nkhani pa nambala iyi, yankho limabwerera pa ina. Yanga ingamve "moni" yekha, "tili bwino" n'kupita kwina. Ya alamu imamvera kapitawoyo n'kulondola nkhani yonse.

"Ndipo alamu, iyi sivuta," anatero. "Mumangolemba ZIP code, yokha imadzaza zonse."

Zoonadi, mkati mwake muli kaundula wa manambala a ku America ndi Canada. Koma ife tinali pakhonde ku Machinjiri. Alamu analemba ZIP code ya kwawo ku South Bend, makina n'kuyamba kusakasaka ozimitsa moto a ku Indiana modzipereka kwambiri. Mafunde a VHF ndi UHF amayenda molunjika, phiri la Ndirande lokha limawapatsa ntchito, nanji nyanja ya Atlantic.

Tinasamukira pa kompyuta. Dijito imafuna muiuze dongosolo lake, nsanja yake, ndi gulu lililonse la olankhula, chilichonse m'kabokosi kake. Chingwe choyamba chinali chongotchajira. Chachiwiri chitagwira, magetsi anathima. Alamu anatukwana m'Chingerezi, ine ndinawathandiza m'Chichewa. Atayaka, anandiululira chinsinsi chimene sananene pofika: ngakhale kwawoko, apolisi a m'mizinda yambiri anakhoma mawu awo ndi loko wa AES wa mabiti 256, ndipo palibe sikana imene imatsegula, kaya munagula ndalama zingati. Madzulo ake makina onse awiri anali pa mpando umodzi, kumvera woyendetsa ndege mmodzi yemweyo akupempha kutera. Ya alamu inkangoposa yanga pa kuwala.

Chichokereni alamu ndakwera giredi. Pa 145.800 MHz nthawi zina pamamveka International Space Station, imene imauluka makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu n'kuzungulira dziko m'mphindi 90 zokha. Ikamadutsa mumakhala ndi mphindi khumi kapena kucheperapo, ndiye ndimathamangira pachulu kuseri kwa nyumba, eriyo m'mwamba, kabudula wogonera ali m'chiuno. Kuti ndiyankhe anthu a m'menemo ndiyenera kukhala ndi wailesi yolankhulira, chiphaso cha MACRA ndi dzina la pawailesi loyamba ndi 7Q, zimene mayi akunyumba anena kuti tikambirana ndikabweza mabatire a tochi.

Dzulo agogo oyandikana nafe anandipeza pachulupo. Anaima kaye patali, kenako anasendera.

"Mwanawe, anthu ako akumwambawo ukawapeza uwafunseko za mvula."

Ndinawafotokozera kuti makinawa salankhula, amangomva basi, sayankha.

"Sayankha?" Anawayang'anitsitsa. "Mkamwini wotere ndi amene ndinkamufuna ine."