Wodwala yemwe sanadwale mokwanira

Mkulu wolemba danga lino ali ndi chinthu chimodzi chokha chodzitama nacho pagulu: salumphitsa tsiku lolipira ngongole. Nzeru zina zonse zinamulambalala. Umboni wake ndi wakuti anagula nyumba ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, mu 2006, chaka chenicheni chomwe mitengo inali kumwamba. Pofika 2011 nyumba za mumzindawo zinali zitatsika mtengo ndi theka, koma ngongole yake inangoti phee, yonenepa ngati kale.

Tsono pa 18 Febuluwale 2009 Pulezidenti Barack Obama anafika ku Mesa, poponya mwala chabe kuchokera kwa mkuluyu, n'kulengeza madola 75 biliyoni othandizira eni nyumba. Mkuluyu anavina pabalaza. Mumtima anati boma likamayamba kugawa, liyambira ife olipira pa nthawi yake.

Khomo loyamba la thandizoli linali pulogalamu ya HAMP. Kumeneko ankatsitsa ndalama yolipira pamwezi kuti isapose 31 peresenti ya zomwe munthu amapeza msonkho usanadulidwe. Chiwongoladzanja chinkatha kutsika mpaka 2 peresenti, ngongole n'kutalikitsidwa kufika zaka 40. Olipira bwino sankakanizidwa, koma ankayenera kulemba kalata yolumbira kuti atsala pang'ono kugwa.

Apa ndi pomwe panavuta. Munthu wozolowera kuyankha kuti "tili bwino" ngakhale ali pamaliro, alemba bwanji kalata yolira? Anachezera usiku wonse, m'mawa n'kupatsa mayi a kunyumba kuti aione.

"Bambo a ana," anatero mayiwo, "mwalemba katatu konse kuti simunachedwepo n'tsiku limodzi lomwe. Mukupempha thandizo kapena mendulo?"

Anaikonza, naitumiza pa fakisi pamodzi ndi mulu wa mapepala. Kubanki anati sizinafike. Anatumizanso, anati lasowa tsamba limodzi. Tsambalo litafika, anati enawo akalamba, atumize atsopano. Pomaliza mtsikana wa mawu okoma pafoni anamuuza kuti ndalama zake zikukwanira ndithu, ndipo anachita ngati akunong'ona kuti amene amaonedwa msanga ndi omwe ali kale m'mbuyo. Zinali ngati kuuzidwa kuchipatala kuti mwatenthadi thupi, koma bwerani mukakomoka.

Mkuluyu anaganiza zokomoka dala. Analengeza pakhomo kuti miyezi itatu salipira, kuti boma limuone. Mayi sanatsutse. Anangotenga buku la macheke n'kuliika pamalo pomwe mpaka lero iye sapadziwa, ngongole n'kumalipiridwabe mwezi ndi mwezi, mwini wake akuyenda modzikweza ngati munthu wonyanyala.

Khomo lachiwiri, HARP, ndilo linapangidwira olipira bwino enieni, kuti asinthe ngongole yakale ndi ina ya chiwongoladzanja chotsika. Ngongoleyo inkayenera kukhala m'manja mwa bungwe la Fannie Mae kapena la Freddie Mac, mayina omwe mkuluyu poyamba ankayesa ndi a banja lina lachifundo. Yake inalidi kumeneko. Koma lamulo linkati isapose 105 peresenti ya mtengo wa nyumba, kenako anakweza kufika 125. Yake inali itadumpha zonsezo. Kuja anati sanadwale mokwanira, kuno anati wadwalitsa.

Mu Okutobala 2011 boma linalengeza kuti malire aja achotsedwa. Chimodzi mwa zotsala chinali choti munthu asakhale atachedwapo kulipira m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Mkuluyu anagwira mutu pokumbukira kunyanyala kwake, mpaka mayi anatulutsa malisiti, onse ali bwinobwino. Mu 2012 anasaina, n'kulowa m'gulu la anthu oposa 3 miliyoni omwe anadutsa pakhomo limeneli lisanatsekedwe mu Disembala 2018.

Masiku ano alendo akabwera, amawafotokozera kuti iye anaziwerengera zonse kuyambira pachiyambi. Akafika pamenepo, kukhitchini kumamveka chifuwa, ndipo mkuluyu amafunsa alendowo ngati awonjezere tiyi.